Khomo Nambala 9

Pa poloti pathu ku Mtandire pali makomo 9. Asanu ndi atatu ali mu mdadada umodzi wautali woyang'ana kum'mawa, ndipo la nambala 9 laima palokha pafupi ndi mtengo wa mango, malata ake akali kung'anima. Khomo limeneli tinayamba kulilipirira lendi pansi palibe ndi chidina chimodzi chomwe. Alendo ndikawauza zimenezi amati ndibwereze, ndipo ndimabwereza mokondwa, chifukwa nkhani iyi sinditopa nayo.

Munali mu Juni 2022, patangopita masabata ochepa kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mafuta ophikira, shuga ndi sopo zonse zinali zitathawa. Loweruka lina m'mamawa tinadzidzimuka ndi kulira kwa hamala. Mphwawo wa alandilodi, mnyamata wamtali amene timakumana naye kutchalitchi, anali kuzula chitseko cha amake mapasa. Anachinyamula pamutu n'kukachitsamiritsa kuseri kwa nyumba yaikulu. Amake mapasa anali ndi ngongole ya miyezi itatu. Sanalire ndipo sanatukwane. Anamasula chitenje chimene anafunda, nachikhoma pakhomo ndi misomali iwiri yokhota, kenaka anasenza dengu lawo la tomato n'kumapita kumsika.

Amene amaidziwa Lilongwe mu Juni akudziwa chisanu chimene chimakwera kuchokera ku Lingadzi usiku. Chitenje chija chinkauluzika ndi mphepo, mapasa akutsokomola mkati, ife tonse tikumva. Palibe amene anatuluka kukanena kanthu, chifukwa pa makomo onse asanu ndi atatu panalibe limodzi lopanda ngongole. Aliyense ankangoyang'ana chitseko chake.

Umo ndi mmene tinkakhalira. Mwezi ukafika pa 25, poloti yonse inkadwala matenda amodzi. Abambo a kabaza ankatuluka ndi njinga yawo kusanache, akuikankha pang'onopang'ono kuti tcheni lisalire, ndipo ankabwera nyali ya alandilodi itazima. Ana tinawaphunzitsa kunena kuti "amayi kulibe" amayi ali kuseri kwa chitseko. Wailesi tinkaitsitsa mawu. Chimene chimandipweteka kwambiri ndikakumbukira ndi cha ndiwo: ukapeza kanyama ka K500, sunkayerekeza kukazinga ndi anyezi, kuopa kuti fungo likafika kunyumba yaikulu n'kukanena kuti ndalama ulinazo. Tinkangowiritsa, mbaula tili nayo m'nyumba, chitseko chotseka, utsi wa makala uli m'maso.

Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ina yomwe si yaboma, ndipo malipiro kumeneko ankabwera tsiku limene afuna. Kawiri konse ndinapita kwa a katapila. Ukatenga K20,000, pakutha pa mwezi ukabweze K30,000, ndipo foni yako itsale konko ngati chikole. Mwezi wotsatira unkayamba uli kale m'dzenje, ndiye kuti lendi ikachedwanso. Ena akalemedwa ankangobwereka wilibala, n'kusamuka pakati pa usiku, mphasa, ndowa ndi mapoto zili pamwamba. M'zaka ziwiri zokha ndinaona mabanja asanu akuchoka chonchi. Aliyense wothawa ankasiya ngongole, ndipo alandilodi pofuna kubweza zotayikazo ankakweza lendi kwa wolowa m'malo mwake, kenaka kwa tonsefe. Denga linkadontha, chimbudzi chinali pafupi kudzadza, koma yokonzera inalibe poti n'kuchokera. Mita ya magetsi inali imodzi, ndipo mayunitsi akatha mkangano wake unkamveka mpaka kumsewu: uyu ali ndi ayironi, uyo amaphikira nyemba pamagetsi.

Nthawi imeneyo alandilodi tinkawaona ngati chilombo, ndipo pamenepa tinkalakwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe. Bungwe la Malawi Housing Corporation lilipo kuyambira 1964, koma ambirife sitinagonepo m'nyumba yake. Amene amatisunga ndi anthu ngati alandilodi athuwa: namfedwa amene amuna awo, omwe anali dalaivala, anawasiyira poloti ndi mdadada wa zidina. Makomo asanu ndi atatu aja ndiwo penshoni yawo, munda wawo, fizi ya adzukulu atatu amene akulera. Ife tikamabisala kuseri kwa zitseko, iwonso ankabisalira wa golosale.

Amene anatitsekula m'maso ndi agogo a pakhomo lomaliza, ogulitsa mtedza wokazinga. Tsiku lachitatu chizulireni chitseko chija, madzulo, anatenga mkeka wawo wokhawo n'kukaupachika pamwamba pa chitenje kuti mphepo ichepe. Atatero anayenda khomo ndi khomo. "Tulukani, ana inu. Mubwere ndi mipando. Ndikufuna ndikufunseni masamu."

Agogowa, tinadziwa tsiku limenelo, anali m'gulu la amayi amene anayamba kusunga ndalama tsiku ndi tsiku konkuno ku Mtandire mu 2003, gulu limene linakula n'kukhala Malawi Homeless People's Federation, mothandizana ndi bungwe la CCODE. Ambiri mwa iwo anali alendi ngati ife. Kupatula zosunga za tsiku ndi tsiku, aliyense ankaponya K20 pamwezi m'thumba limene analitcha Mchenga, lobwereketsa pomanga nyumba. Akuluakulu a mzinda wa Lilongwe anawapatsa mapoloti 222 ku Area 49, ku Blantyre anapatsidwa 465 kwa Angelo Goveya, ku Mzuzu 83, ndipo amayiwo anaumba zidina ndi manja awo n'kumanga. Mng'ono wawo wa agogo mpaka lero ali m'nyumba yakeyake ku Area 49. Agogowo anasiyira panjira atapita kumudzi kukadwazika amuna awo, koma nzeruyo sanaisiye kumudziko.

"Aphunzitsi," anatero akundiloza, "lendi yathu ndi zingati?"

"K24,000, agogo."

"Mwezi uli ndi masiku angati?"

"Makumi atatu."

"Gawani timve."

Ndinagawa. K800.

Panali zii. Kenaka abambo a kabaza anaseka kuseka kwa munthu amene watola chinthu panjira. "K800? Imeneyo ndimaipeza dzuwa lisanafike pamutu!" Amake mapasa anati iwo K800 imawathera m'manja tsiku lililonse osadziwa kumene yapita. Mnyamata wa chiwaya anati imeneyo ndi mbale ziwiri za tchipisi.

"Ndiye mukuona," anatero agogo. "Mukudikira kuti ikhale mwala kuti mudzainyamule pa 30. Mwala umathyola msana. Itengeni ikali mchenga, chikho chimodzi patsiku."

Si kuti masamu amenewa anali achilendo kwa ine, mphunzitsi wa Sitandade 6. Chachilendo chinali choti munthu wina adzabwera pakhomo madzulo aliwonse kudzaitenga ndalamayo isanasanduke makala kapena mayunitsi a foni. Wogulitsa tomato, wa kabaza, wa chiwaya, telala, onsewa ndalama yawo imabwera tsiku ndi tsiku, koma lendi imafunidwa kamodzi pamwezi ngati kuti tonse timalandira kuboma. Vuto lathu lalikulu linagona pamenepo, pa kusiyana kwa mmene ndalama imalowera ndi mmene imafunidwira.

M'mawa mwake tinapita kunyumba yaikulu tonse asanu ndi atatu. Alandilodi atationa anaimirira pakhonde manja ali m'chiuno, poganiza kuti tadzera ndewu. Agogo anakhala pansi, ife amayi tinagwada, abambo anavula zipewa.

"Amayi, tabwera ndi pempho," anayamba agogo. "Ndalama yanu tizikupatsani Lamulungu lililonse, osati pakutha pa mwezi. Makomo onse pamodzi, m'manja mwanu, n'kusainirana m'kope. Ngongole zakale tizidula K200 patsiku mpaka zithe. Inu mutichitire ziwiri: chitseko chibwerere, ndipo lendi isakwere mpaka chaka chithe."

Alandilodi anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Nanga wina akalephera?"

"Ameneyo ndi wathu. Inu muzingowerenga ndalama."

Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anaitana mphwawo uja. Chitseko chinabwerera dzuwa lisanalowe, ndipo mapasa anachitsegula ndi kuchitseka mwina kakhumi, akuseka.

Tinagula bokosi lachitsulo la maloko atatu. Kiyi mmodzi anasunga atelala, wina abambo olondera ku Area 47, wina amake mapasa, ndipo bokosilo linkagona kwa agogo amene analibe kiyi. Kope linali langa. Dzuwa likamalowa, agogo ankayamba ulendo wawo ndi kambale kapulasitiki, ine pambuyo ndi cholembera. Ndalama zake zinali zija zofewa ngati nsalu, zonunkha tomato, mafuta a chiwaya ndi thukuta. Amene wachedwa kuntchito ankatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Ine ndi abambo olondera, olandira pamwezi, tinkaika yathu yonse tsiku lolandira. Lamulungu loyamba tinawerenga K44,800 ya lendi patebulo la alandilodi, ya ngongole payokha. Anaiwerenga kawiri, nasaina, kenaka anafunsa ngati tamwa tiyi. Zaka zinayi ndili pa polotipo, ndinali ndisanalowepo m'nyumba imeneyo.

Tsopano za khomo lija. Agogo anaumirira kuti pamwamba pa zonsezi aliyense aziponya K100 ina patsiku, yosapita kwa alandilodi, yongokhala m'bokosi. Ena anadandaula kuti zachuluka. Usiku umenewo ndikulemba m'kope ndinachulukitsa: makomo 8, K100, masiku 30. Yankho linanditulutsa panja ndi nyali m'manja. K24,000! Ndendende lendi ya khomo limodzi!

"Agogo, ndiye kuti pa poloti pano tili ndi mlendi wachinayini amene sitikumuona."

"Eya," anatero iwo osadabwa n'komwe. "Ndipo ameneyo sadwala, sathawa, sachedwa kulandira."

Kuyambira tsiku limenelo thumbalo linatchedwa Khomo Nambala 9. Ana ankafunsana kuti kodi a nambala 9 alipira? Atelala akakhala ndi ndalama yapadera ankati akukawaona a nambala 9. Munthu akadwala, kapena msika ukavuta, kapena malipiro anga akachedwa, a nambala 9 ankalipira lendi yake Lamulungu limenelo, iye n'kudzabweza ndi chiwongoladzanja cha 10 peresenti. Foni yanga sinagonenso kwa a katapila.

Wina anganene kuti imeneyi ndi banki m'khonde basi, ndipo n'zoona kuti ndi pachibale. Banki m'khonde inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo kuno kwathu yafika m'midzi yambiri ndi m'tauni momwe. Yathandiza anthu osawerengeka. Koma iyo chaka chikatha anthu amagawana zonse, masheya ndi phindu, bokosi n'kutsala lopanda kanthu, ndipo Januwale, mwezi umene fizi, feteleza ndi njala zimakumana pakhomo, amakupeza ulibe pothawira. Ife tinapangana kuti za nambala 9 sizigawidwa. Wochoka pa poloti amatenga zimene analipiriratu pa lendi yake, koma ma K100 aja amatsalira amene adzalowe. Lamulo ili linavuta kulilandira, ndipo ine ndimati ndi limene lagwira zonse.

Sizinayende zosalala ayi. Mwezi wachisanu mnyamata wa chiwaya anabwereka K40,000 kuti awonjezere mpamba, ndipo m'mawa wina tinapeza khomo lake lili pululu. Anali atapita ku Joni. Tinakhumudwa, ena anafuna kuti bokosi liphwanyidwe aliyense atenge zake. Agogo anangoti tiike lamulo lakuti ngongole isamapose lendi ya mwezi umodzi, ndipo tipitirize. Patapita miyezi isanu ndi iwiri, foni ya atelala inalira ali pamakina. Inali K50,000 yochokera ku Johannesburg, ndi uthenga wopepesa kwa agogo. Atelala anathamanga poloti yonse foni ili m'mwamba, tepi ili m'khosi, nkhuku zikubalalika. M'khomo la mnyamatayo munali mutalowa kale mmisiri womanga nyumba ndi banja lake, ndipo ameneyo tinali kudzamufuna posachedwa.

Ngongole zakale zitatha, palibe amene anafuna kusiya K200 ija. Dzanja linali litazolowera. Tinangoitembenuza kuti izipita kutsogolo: K6,000 pamwezi, ndiye kuti miyezi inayi iliyonse munthu ankakhala atalipiriratu mwezi wathunthu. Tsiku limene ndinauza amake mapasa kuti m'kope akuoneka kuti ali patsogolo ndi mwezi umodzi, anandilanda kopelo ngakhale kuwerenga kumawavuta, nati ndiwalozere pamene palembedwa. Anaika chala pamenepo n'kuyamba kuvina, kope lili pachifuwa.

A nambala 9 anayamba ndi denga: malata anayi atsopano pamene pankadontha kwambiri, ndi phula pa mabowo a misomali. Kenaka anakumbitsa chimbudzi china. Za magetsi tinathana nazo pokhala pansi n'kuwerenga zimene khomo lililonse limalumikiza, wa ayironi ndi wa firiji n'kumaponya zochulukirapo, mayunitsi n'kumagulidwa Lolemba lililonse asanathe. Alandilodi, poona kuti zokonzakonza sizikutulukanso m'thumba mwawo ndipo palibe khomo likugona lopanda munthu, chaka chitatha sananene za kukweza. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti lendi yokwera ija mbali yake yaikulu tinkalipirira mantha awo: mantha a wothawa usiku, mantha a mwezi umene khomo likhala lopanda munthu, mantha a denga. Mantha atachoka, mtengo unakhazikika.

Pofika Okutobala 2023 m'bokosi munali ndalama yooneka, ndipo agogo anayamba kusowa mtendere. "Ndalama yogona imaonda," ankatero. Anatikumbutsa za Meyi 2012, pamene dola inachoka pa K168 n'kufika pa K250 tsiku limodzi, anthu amene anasunga ndalama m'mapilo n'kudzuka ali ndi mapepala opepuka. Anati tigule zinthu. Atelala anati simenti, koma mmisiri uja anakana: simenti ikakhala miyezi yambiri imauma n'kusanduka mwala, makamaka nthawi ya mvula. Tinagula malata 14, misomali, matabwa a denga, felemu ndi chitseko, n'kuziika m'chipinda cha alandilodi chosungiramo katundu. Tinali tisanagwirizane n'komwe chimene tidzamange.

Pa 9 Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Sabata yomweyo mitengo ya malata ndi zitsulo m'mashopu inasinthidwa, ndipo mapoloti oyandikana nafe anayamba kulandira makalata a lendi yatsopano. Wilibala zinayambanso kuyenda usiku. Ife tinakhala pansi pa mango tikuyang'anizana, kenaka abambo a kabaza anayamba kuwomba m'manja, tonse n'kulandira, agogo ali pakati akungopukusa mutu ndi kumwetulira. Malata athu anali m'nyumba. Ambirife tinali titalipiriratu miyezi iwiri, ena itatu, pa mtengo wakale.

Koma chimene ndimanyadira koposa chinachitika patatha masabata awiri. Amake mapasa, omwe aja anagona ndi chitenje pakhomo, ndi amene anayambitsa. Anati anawaona alandilodi akubwerera ku golosale ndi kapaketi ka shuga koyezera pa supuni. "K24,000 ya chaka chatha si K24,000 ya lero. Mayi aja akavutika, adzagulitsa poloti ino kwa munthu wa mpanda ndi geti, ndipo tonse tidzapita kumsewu. Tiyeni tikakweze tokha."

Tinakangana usiku wonse, osati za kukweza koma za mlingo wake, mpaka tinagwirizana K30,000, kutanthauza K1,000 patsiku, kuyambira Januwale. Lamulungu tikupereka ndalama ya sabata, agogo anati, "Amayi, tili ndi mawu. Alendi anu tagwirizana kuti lendi ikwere."

Alandilodi anaika ndalama pansi. "Mwati bwanji?"

"Ikwere, amayi. Zinthu zadula kwa inunso."

Alandilodi anatenga nsonga ya chitenje n'kuphimba kumaso. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo sitinadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka pamene anachotsa chitenjecho, tinaona kuti zonse ziwiri. Anatiuza kuti kalata yokweza anali atailemba kale, ya mtengo woposa pamenepo, koma inawakanika kuitulutsa m'Baibulo mmene anaiika. Tsiku lomwelo tinalemba pangano: lendi iziunikidwa kamodzi pachaka, tonse tili pamodzi, ndipo mtengo watsopano uzidziwika miyezi itatu usanayambe. Amfumu a dera lathu anasaina ngati mboni.

Chaka chimenecho chinatisiyiranso kamphatso kamene palibe anakaganizira. Ndikutseka kope la 2023 ndinapeza ndalama yotsala imene sindinkaidziwa mwini wake. Ndinawerenga katatu ndisanazindikire. Lendi timalipira miyezi 12 ya masiku 30, omwe ndi masiku 360, koma agogo anayenda ndi kambale kawo masiku 365. Masiku asanu apaderawo anabala K4,000 pa khomo lililonse, K32,000 pamodzi. Imeneyo inapita ku mpunga ndi nkhuku zitatu za Chaka Chatsopano. Tinakazingira panja, pakati pa bwalo, anyezi ndi tomato wa amake mapasa zikuchita kulira m'mafuta, fungo likupita kumene likufuna. Mbale yoyamba inapita kunyumba yaikulu, ndipo eni ake anaibweza n'kubwera ndi mpando wawo kudzadyera nafe pansi pa mango.

Pa phwando lomwelo ndi pamene mmisiri uja analoza malo apakati pa mango ndi mpanda wa udzu. "Kodi a nambala 9 adzakhala opanda nyumba mpaka liti?"

Tinaseka, koma alandilodi sanaseke. Anadzuka, nayeza malowo ndi mapazi, natembenuka. "Zipinda ziwiri zikwana."

Pangano lachiwiri linali lotere: malo ndi awo, ndiye nyumbayo ndi yawo, zomangira ndi mphamvu ndi zathu, ndiye lendi ya khomo limenelo izilowa m'bokosi kwa zaka zitatu, kenaka izipita kwa iwo. Mvula itatha, dothi litauma bwino, tinayamba kuumba zidina mu Ogasiti 2024. Loweruka lililonse poloti inkasanduka dambo. Abambo ankaponda dothi, mabuluku atapindira m'mawondo, amayi tikutunga madzi ku kiyosiki, ana akunyamula chikombole mopikisana. Mapasa, omwe tsopano anali ku Sitandade 2, anadinda manja awo pa zidina ziwiri zisanaume, ndipo mmisiri anaziika pafupi ndi khomo, nasiya malowo osapaka pulasitala kuti zala zija zizioneka. Abambo olondera ankabwera kuchokera kuntchito m'mawa, m'malo mokagona n'kuyamba kuperekera matope. Agogo ntchito yawo inali yowerenga zidina ndi kukalipira aliyense woponda pa zosauma.

Tsiku lokhoma malata aja, omwe anagona m'nyumba pafupifupi chaka, anthu a mapoloti ena anaima kumpanda kudzaonerera. Amayi ena awiri anandikokera pambali kuti ndiwaonetse kope. Ndinawaonetsa tsamba lililonse, ndipo lero pa poloti yawo palinso kambale koyenda madzulo.

Phindu la khomo limeneli linaoneka msanga. Pa kuunika kwa chaka chotsatira tinagwirizana ndi alandilodi kuti lendi ifike pa K36,000, chifukwa zinthu sizinasiye kukwera. Iwo amalandira K36,000 yathunthu pa khomo lililonse, koma ife m'thumba timatulutsa K33,000, yomwe ndi K1,100 patsiku. K3,000 yotsalayo, kuchulukitsa ndi makomo asanu ndi atatu, imachokera pa lendi ya nambala 9, ndipo m'bokosi mumatsalabe ina yokonzera zowonongeka. Mlendi amene tinkamudyetsa ma K100 ali wosaoneka, tsopano ndi amene akutinyamulira mbali ya katundu. Zaka zitatu zikadzatha adzapita kwa mwini malo, ndipo mmisiri wayamba kale kuyang'anayang'ana kuseri kwa bafa, kumene akuti nambala 10 ikhoza kukwana.

Nthawi ija nyumbayo itangotha, za amene adzalowemo sitinavutike kusankha. Amake mapasa anabwera naye kuchokera kumsika: mtsikana wogulitsa masamba, mwana kumsana, amene chitseko chake chinali chitazulidwa kwina sabata imeneyo. Katundu wake yense anakwana pa njinga ya abambo a kabaza, ulendo umodzi.

Chitseko chinali chisanaikidwe. Alandilodi anaitana mphwawo uja, ndipo anabwera ndi hamala yomwe ija. Anachiimika, nachiyesa, nachipala pang'ono m'munsi pamene chinkakhula simenti, nakhoma. Atamaliza anachitsegula ndi kuchitseka, osamva kulira kulikonse, kenaka anapereka makiyi kwa amake mapasa ndi manja awiri, maso ali pansi. Iwo anamugwira paphewa, nalandira, n'kuwapereka kwa mtsikanayo.

"Lowani, achemwali. Muzitseka ndi kutsegula mmene mukufunira."

Nthungululu zinamveka mpaka ku kiyosiki. Alandilodi anabweretsa tsache latsopano, atelala katani yosokedwa ndi tizidutswa ta nsalu, ine kalendala ya kusukulu. Mtsikanayo ankangozungulira m'zipinda ziwirizo akugwira makoma, mwana kumsana akuyang'ana malata.

Dzuwa litapendeka, agogo anatenga kambale kawo, ine kope ndi cholembera. Tinayamba pa nambala 1 monga mwa masiku onse, mpaka pa nambala 8. Kenaka agogo anawoloka bwalo, mapasa ali pambuyo pawo, naima pa chitseko chatsopano chija.

"Odi, a nambala 9!"

Chinatseguka asanamalize. Mtsikanayo anali ataima kale pamenepo, ndalama ili m'manja, yonyowa pang'ono ndi madzi a masamba.